Nyimbo Imene Inabwerera Kumudzi

M'mudzi wina wa m'boma la Katete, pang'ono cabe kucokera pa mseu waukulu wopita ku Chipata, mukhala mkulu wina amene anabadwa m'caka ca 1946. Anthu a m'mudzimo amawadziwa monga mlimi wa nshawa ndi cimanga, munthu wofatsa amene sacedwa ku chalichi ndiponso salawa mowa. Koma pansi pa bedi lao pali sutikesi yakale ya malata, ndipo m'sutikesimo, pakati pa malaya awiri, muli mbale yaing'ono yakuda ya galamafoni. Galamafoni yeni-yeniyo inafa kale-kale. Mbale yokhayo ndiyo amaipukuta ndi kansalu caka ndi caka, monga mlenje amene apukutabe mfuti yace ngakhale nyama zinatha m'chire.

Pa mbaleyo pali nyimbo ya Cingelezi yochedwa The House of the Rising Sun, imene inaimbidwa ndi anyamata asanu a ku Mangalande a gulu la The Animals. M'Cinyanja dzinali litanthauza nyumba ya dzuwa lotuluka. Mkuluyu anamvapo nyimbo zambiri m'moyo wao, za kumudzi, za ku chalichi ndi za m'tauni, koma munthu akawafunsa imene aikonda koposa zonse, sacedwa kuyankha. "Zina ndi zobvina," amatero. "Zikatha, wapukuta thukuta, waiwala. Iyi ai. Iyi imakupeza pamene wakhala."

Caka ca ufulu

Mbale imeneyi inatuluka mu June 1964, patatsala miyezi inai kuti dziko la Zambia lilandire ufulu wodzilamulira pa 24 October. Anyamata amene anaiimba anali ocokera ku Newcastle upon Tyne, mzinda wa malasha ndi wokhoma zombo umene uli kumpoto kwa Mangalande. Woimba ndi pakamwa anali Eric Burdon, gitala inali m'manja mwa Hilton Valentine, limba anaimba Alan Price, gitala ya besi inali ya Chas Chandler, ndipo ng'oma anaomba John Steel.

M'mwezi wa May caka cimeneco anyamatawa anali kuyenda m'mizinda ya kwao pamodzi ndi woimba wochuka wa ku Amereka, Chuck Berry. Anadziwa kuti sangathe kumuposa mkulu ameneyo pa nyimbo zothamanga, motero anafuna nyimbo yotsekera imene anthu adzapita nayo kunyumba m'mitima mwao. Anasankha iyi. Pa 18 May analowa m'nyumba yojambulira nyimbo mu London ndi kuiimba kamodzi cabe, osabwereza, ndipo cimene cinatuluka tsiku limenelo ndico cimene dziko lonse limva kufikira lero. Inatalika mphindi zinai ndi theka, pamene nyimbo za pa wailesi masiku amenewo kawiri-kawiri sizinali kupyola mphindi zitatu. Ngakhale zinali tero, mu July inakhala yoyamba pa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, ndipo mu September inatenga malo omwewo ku Amereka.

Mkulu wa ku Katete uja sanali kudziwa zonsezi pamene anakwera basi mu 1965 kupita kukafuna nchito ku Migodi. Anali ndi zaka 19. Amalume ao anawaperekeza kufika pa mseu, ndipo njira yonse anali kuwalangiza za mowa, za akazi a m'tauni ndi za njuga. Mnyamata anali kungobvomera kuti inde amalume, ndamva amalume, koma maso anali kumene kucokera basi.

Anapeza nchito ya pansi pa mgodi ku Mufulira. Loweruka lina masana, alikupita pa khomo la sitolo ya mawailesi, anamva gitala ikuyamba yokha, nsambo imodzi-imodzi, kukwera ndi kutsika monga munthu woyenda pa makwerero mu mdima. Kenaka kunabwera mau a mwamuna, oyamba pansi ngati munthu wodandaula kumaliro, ndipo posakhalitsa anakwera kufikira kukuwa. Pakati pa nyimbo limba linalira ngati la m'chalichi, koma chalichi cimene cagwira moto. Mnyamata anaima pomwepo kufikira nyimbo inatha. Mwezi utatha anagula mbaleyo ndi malipiro ace oyamba, asanagule n'komwe galamafoni yoimbira.

Cimene anakonda masiku amenewo sanali mau, pakuti Cingelezi cao cinali ca Sitandadi 4. Anakonda phokoso la magetsi. Kwa iwo nyimbo imeneyi inali tauni yeni-yeni, buluku lothina ndi nsapato zosongoka, moyo watsopano wa dziko latsopano. Ng'oma za kumudzi ndi malangizo a amalume anaziona monga zinthu zimene anazisiya m'fumbi kumbuyo kwa basi.

Tsiku lina kalaliki wina amene anali kugona naye nyumba imodzi anawamasulira nkhani ya m'nyimbomo. Anati woimbayo ndi munthu amene moyo wace unaonongekera pa nyumba ina ya mu mzinda wa New Orleans. Amai ace anali osoka zobvala, atate ace anali munthu wa njuga ndi mowa, ndipo iye anatsata mapazi a atate. Tsopano acenjeza ena kuti asapite kumene iye anapita, komabe iye mwini ali pa ulendo wobwerera komweko. Mnyamata wa ku Katete atamva izi anaseka kwambiri. Anati Azungu naonso ali ndi amalume.

Makina osokera

M'caka ca 1969 anabwera kumudzi kudzakwatira, ndipo anapita ndi akazi ao ku Mufulira. Mu 1971 anawagulira makina osokera opukusa ndi dzanja. Maiyo anali waluso. Anali kusoka mayunifomu a ana a sukulu ndi madiresi a akazi a m'komboni, ndipo ndalama zace ndizo zinali kugula ndiwo pakati pa mwezi.

Njuga inayamba monga masewera. Kumathero kwa mwezi amuna anali kusonkhana m'cipinda ca kumbuyo kwa nyumba ina, makhadi pa tebulo, mabotolo pansi. Poyamba mkuluyu anali kuchova mangwee, pambuyo pace makwaca. Tsiku limene anapata K30 usiku umodzi, ndilo tsiku limene mbedza inalowa m'kamwa. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa misika ya kunja, zinthu zinayamba kukwera mtengo ndi kusowa m'masitolo, ndipo m'malo mosunga kocepa kamene anali nako, iwo anaganiza kuti makhadi ndiwo adzabweza zimene zinali kutayika. Ngongole inakula. Mu 1977, akazi ao atapita ku maliro ku Kitwe, ananyamula makina osokera aja usiku ndi kukawapereka kwa munthu amene anali naye ngongole.

Mai atabwera sanakuwe, sanaitane anthu. Anaona pa tebulo pamene panali makina, anayang'ana amuna ao, ndipo patapita sabata anatenga ana atatu ndi kukwera basi ya ku Katete. Mkuluyu anatsala yekha zaka ziwiri. Usiku wambiri anali kuika mbale ija pa galamafoni, ndipo tsopano sanali kusekanso. Anali kumva za mai wosoka ndi za bambo wa njuga monga munthu amene awerengeredwa mlandu wace m'khoti. Mu 1979 anasiya nchito ndi kubwerera kumudzi ndi sutikesi imodzi.

Kumudzi anauza anthu kuti nchito inatha kaamba ka kugwa kwa mkuwa. Akazi ao anawalandira, ndipo sanaulule kwa munthu aliyense, ngakhale kwa ana, kumene kunapita makina. Anasunga cinsinsi cimeneci kufikira anamwalira mu 2016. Makina ena sanagulidwenso.

Kumene nyimbo inacokera

Kwa zaka zoposa 50 mkuluyu anali kukhulupirira kuti nyimboyi anaipeka anyamata asanu aja. Amene anawatsegula maso ndi mdzukulu wao, mnyamata wa zaka 22 amene anatsiriza Giredi 12 ndipo foni siicoka m'manja mwace. Tsiku lina, ataona agogo alikupukuta mbale, anawerenga dzina lace, nalifuna pa foni, ndipo anayamba kuwawerengera mbiri imene inawadabwitsa.

Nyimbo imeneyi si ya mu London, ndiponso si ya magetsi. Ndi nyimbo ya anthu wamba a ku mapiri a Appalachia, kum'mawa kwa Amereka, dera la alimi osauka ndi okumba malasha. Mwini wace woipeka alibe dzina, monga mmene nyimbo za pa mtondo ndi za pa maliro zilibe mwini. Makolo a anthu ambiri a ku mapiri amenewo anacokera ku Britain, ndipo anabwera ndi nyimbo zosimba nkhani, za cikondi, za imfa ndi za anthu otayika, zimene anali kupatsirana pakamwa. Akatswiri ena a nyimbo amaganiza kuti mizu ya nyimbo iyi ifika ku nyimbo zakale zimenezo.

Mbale yakale koposa zonse zodziwika ndi ya 1933, ya Clarence Ashley ndi Gwen Foster. Ashley ananena kuti anaiphunzira kwa agogo ace aamuna. Mu September 1937 mnyamata wina wosonkhanitsa nyimbo za makolo, Alan Lomax, anafika m'tauni ya migodi ya Middlesboro m'dera la Kentucky ndi makina olemera ojambulira mau m'galimoto yace. Nchito yace inali yonga imene Alick Nkhata anagwirako pamodzi ndi Hugh Tracey kuno ku Afirika itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, yoyenda m'midzi kujambula nyimbo zisanapite ndi eni ace kumanda. Ku Middlesboro Lomax anapeza mtsikana wa zaka 16, Georgia Turner, mwana wa wokumba malasha, amene anamuimbira nyimbo imeneyi. Mu 1941 Lomax anaisindikiza m'buku lochedwa Our Singing Country.

Mdzukulu anapeza mau a mtsikana ameneyo pa foni ndi kuwaimbira agogo. Munalibe gitala ya magetsi, munalibe limba. Munali mau a mwana wamkazi otuluka m'mphuno, ndi kukhwekhwereza kwa mbale yakale. M'kaimbidwe kace wolankhulayo ndi mtsikana amene anatayika, ndipo acenjeza mng'ono wace. A Animals ndiwo ena mwa amene anatembenuza nkhaniyo kukhala ya mwamuna. Za nyumbayo anthu amasiyana maganizo. Ena amati inali nyumba ya akazi oyendayenda, ena amati inali ya njuga, ndipo ena amati inali ndende. New Orleans ndi mzinda wa doko pa mtsinje wa Mississippi, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 1,000 kucokera ku mapiri a Kentucky, mtunda wosasiyana kwambiri ndi wocokera ku Chipata kukafika ku Migodi. Kwa anthu a ku mapiri unali mzinda wa magetsi ndi ndalama, kumene ana anali kupita ndipo ena osabwerako.

Kucokera ku mapiri nyimbo inayenda pakamwa ndi pakamwa. Roy Acuff anaijambula mu 1938, Woody Guthrie mu 1941, Lead Belly mu 1944. Mu 1960 anaiimba Joan Baez, ndipo caka comweco Miriam Makeba wa ku South Africa anaiika pa mbale yace yoyamba ya ku Amereka, caka cimene boma la tsankho linamuletsa kubwerera kwao kukaika maliro a amai ace. Bob Dylan anaiimba mu 1962, potsata kaimbidwe ka mnzace Dave Van Ronk. Patapita zaka ziwiri anyamata a ku Newcastle anailumikiza ku magetsi.

Mkulu wa ku Katete anakhala cete nthawi yaitali. Pambuyo pace anati, "Ndiye kuti inacokera ku mgodi wa malasha, inapita ku mzinda wa malasha, n'kudzandipeza ine ku mgodi wa mkuwa. Ndipo woyamba kuiika pa mbale anaimva kwa agogo ace. Ine ndinali kuyesa kuti ndathawa nyimbo za kumudzi, kani ndinagula ya kumudzi yomwe, yongobvala suti."

Zimene ananenazi si zacilendo kwa amene anakhalako m'zaka za m'ma 1970. Pamene Dr Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 za pa wailesi zikhale za m'Zambia, magulu onga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family anali kuimba ndi magitala okuwa monga a ku Mangalande, ndipo Paul Ngozi anali kulangiza anthu m'Cinyanja pa phokoso lomwelo. Mkuluyu anaona magulu amenewa ndi maso ao ku Migodi. Gitala ya magetsi imakweza mau cabe. Cimene cimagwira mtima ndi nkhani imene yanyamulidwa.

Ndalama za nyimbo

Mdzukulu anawerenganso mbali ina imene inawawawa agogo. Pa mbale ya a Animals panalembedwa kuti nyimbo ndi ya makolo, koma wokonza kaimbidwe ndi Alan Price yekha. Anzace anauzidwa kuti malo olembapo maina onse asanu anacepa. Motero ndalama za wokonza zinapita kwa munthu mmodzi. Price anacoka m'gululo mu May 1965, ndipo nkhani imeneyi inasiya cilonda pakati pao kwa zaka zambiri. Hilton Valentine, amene gitala yace ndiyo imatsegula nyimbo ndipo anyamata osawerengeka anaphunzirirapo kuimba, anamwalira mu January 2021. Georgia Turner anamwalira mu 1969 ali mai wosauka, atalandirako kandalama kocepa cabe kamene Lomax anamukonzera.

Mkuluyu anatulutsa mbale ndi kuiika pafupi ndi maso. Dzina limodzi lija linalipodi, m'zilembo zazing'ono pansi pa mutu wa nyimbo. Anapukusa mutu, nati ngakhale amene anaimbira dziko cenjezo anakangana pa tebulo la ndalama, ndipo mwana wa wokumba malasha anatsala manja lende. Koma cikondi cao pa nyimboyo sicinacepe. Anati zinangowaonetsa kuti oimbawo anali anthu onga iwo.

Usiku wotsiriza

Panali cifukwa cimene mkuluyu anamvetsera mbiri yonseyi ndi mtima wolemera. Mdzukulu yemweyo anali kukonzekera ulendo wa ku Solwezi, kumene mnzace anamulonjeza nchito. Ndiponso agogo anali atamva kwa amai a mnyamatayo kuti ndalama za matumba awiri a soya zinathera pa foni, pobecha mpira wa ku Ulaya. Masiku ano nyumba ya njuga ilibe khomo kapena mlonda. Ili m'thumba la buluku, ndipo siitsekedwa usiku. Amai ace anakalipa, amalume ace analangiza, ndipo mnyamata anabvomera kuti inde amalume, ndamva amalume.

Usiku woti mawa anyamuka, agogo anamuitana pa khonde. Anamupempha kuti aimbenso nyimbo ya a Animals pa foni. Gitala inayamba, nsambo imodzi-imodzi. Onse awiri anakhala cete kufikira limba linazima.

"Mdzukulu wanga, kodi amai ako anakuuzapo kuti agogo ako aakazi anali telala?"

"Anandiuza, agogo. Anati makina anabedwa ku Mufulira."

"Anabedwadi. Wakuba ndine."

Anamufotokozera zonse, za cipinda ca kumbuyo, za K30 ya usiku umodzi, za ngongole, za makina amene ananyamula pa phewa mu mdima, ndi za mkazi amene anakhala zaka 39 osachula nkhaniyo ngakhale pa mkangano. Sanamulangize. Sanachule za soya. Anangoti, "Munthu wa m'nyimboyu sanena kuti ine ndine wabwino, tsatani ine. Anena kuti ndagwa, onani pamene ndagwera. Amalume anga anandilangiza bwino, koma anali munthu wosalakwa, ndipo ndinayesa kuti sadziwa kukoma kwace. Ine ndikudziwa kukoma kwace. N'cifukwa cace ndakuuza."

Mnyamata sanayankhe msanga. Pambuyo pace anafunsa kuti, "Nanga amai adziwa?"

"Ndidzawauza ndekha mawa, iwe utapita."

Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Kwa mkulu wa ku Katete anagonera zaka khumi ndi ziwiri ndi makina osokera amodzi. Kuti kwa mdzukulu adzagonera nthawi yotani, ndi nkhani imene ili m'manja mwa mnyamata mwini, ku Solwezi, kumathero kwa mwezi uliwonse.

M'mawa mwace, asanapite ku mseu, mnyamata anatenga kawailesi ka agogo koyendera dzuwa, naikamo kakhadi kosungira nyimbo. Anaikamo ziwiri cabe, ya anyamata a ku Newcastle ndi ya mtsikana wa ku Middlesboro, ndi kuwaonetsa batani loyenera kudina. Agogo anamuperekeza kufika pa mseu. Njira yonse anakamba za mvula ndi za mtengo wa feteleza. Basi itapita, anabwerera pang'ono-pang'ono, napyola nyumba yao, nalunjika ku nyumba ya mwana wao wamkazi, amene anali pabwalo alikusenda nshawa.

Mbale yakuda ikali m'sutikesi pakati pa malaya awiri. Koma tsopano madzulo ambiri anthu opita ku mjigo amamva gitala ikukwera ndi kutsika pa khonde la mkuluyu. Ana a m'mudzi anayamba kale kuiimba ndi mluzu, osadziwa dzina lace kapena kumene inacokera.